Mafunso ndi mayankho: kugwirizana ndi anamwino tikapita kuchipatala mu Lilongwe

Nkhani za anamwino sizitha mumzinda uno. Mu minibasi yochokera ku Area 25, pamjigo ku Mtandire, ngakhale pasiwa ku Kawale, sipalephera wina wonena kuti anakalipidwa kuchipatala. Anamwino nawonso akakhala paokha ali ndi zawo: wodwala wobisa mankhwala amene wamwa, gadiyani wotsegula dripi usiku, mayi wobwera ndi mwana atalefuka kale. Mbali zonse ziwiri zili ndi zoona zake. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene odwala ndi owadikirira amafunsa kawirikawiri, ndipo mayankho ake alembedwa poganizira kuti namwino amagwira ntchito ndi zimene inu mwamuuza. Mukamuuza theka, adzakuthandizani ndi theka lomwelo.

Kodi wodwala wabwino ndi uja amangovomera chilichonse?

Ayi. Ambirife tinaleredwa kuti pamaso pa munthu wa yunifolomu umagwetsa nkhope n'kumangoti "chabwino". Ulemu umenewu ndi wabwino, koma m'chipinda choyezera umatha kupweteketsa. Namwino akafunsa kuti "Mwamva, mayi?" inu n'kuyankha kuti "Eya" pomwe simunamve, iye amaitana wotsatira poganiza kuti ntchito yatheka, inu n'kupita kunyumba ndi mapiritsi amene simukudziwa kamwedwe kake. Kugwirizana ndi namwino ndiko kunena zoona, kufunsa pamene simunamve, ndi kuchita zimene mwamvana. Ngati pali chimene simungathe kuchita, monga kubweranso Lachitatu chifukwa mulibe ya thiransipoti, neneretu pomwepo kuti mupezere limodzi njira ina.

Ndiyambire chipatala chiti?

Yambirani chipatala chaching'ono cha m'dera lanu: Area 18, Area 25, Kawale, Lumbadzi, Chitedze, Nathenje, kapena Bwaila ngati muli pakati pa tauni. Chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ndi cholandira odwala otumizidwa, ndipo sichisamala Lilongwe yokha. Kumafika odwala ochokera ku Dedza, Ntcheu, Salima, Nkhotakota, Ntchisi, Dowa, Kasungu ndi Mchinji. Mukapitako ndi chimfine opanda kalata yokutumizani, namwino akakubwezani sikuti ndi nkhanza. Ngozi ya pamsewu kapena matenda adzidzidzi ndi nkhani ina, zimenezo sizidikira kalata. Zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Likuni, Nkhoma ndi St Gabriel's ku Namitete, zimalipiritsa pa zithandizo zambiri, choncho funsani za malipiro musanayambe kulandira thandizo.

Nditenge chiyani ponyamuka?

Choyamba ndi buku lanu la kuchipatala. Lanulo, osati la mchemwali wanu kapena la mwana wina. Ndipo lakale lomwelo. Pali chizolowezi chogula buku latsopano pageti pofuna kuti adokotala asaone kuti munabwera kale sabata yatha, kapena asaone zotsatira za magazi. Chizolowezi chimenechi chimawononga kwambiri. M'buku lakale ndi mmene mwalembedwa kuti mankhwala akuti anakutulutsani zidzolo, kuti BP yanu inali yokwera miyezi itatu yapitayo, kuti munalandira kale LA, mankhwala a malungo aja, koma simunachire. Namwino akaona buku loyera amayambira pachiyambi, ndipo akhoza kukupatsani mankhwala omwe aja analephera.

Tengani mankhwala onse amene mukumwa, m'mapaketi mwake. Kunena kuti "timapiritsi toyera ting'onoting'ono" sikuthandiza, chifukwa toyera ting'onoting'ono ndi tambiri. Tengani madzi akumwa, kachakudya ka mwana, ndi chitenje china chapadera. Valani chovala chosavuta kupinda mkono.

Ndinafika mbandakucha, koma wina wabwera mochedwa n'kulowa ine ndili pamzere. Si kukondera kumeneku?

Nthawi zina kukondera kumakhalapo ndithu, sitingakane. Koma kawirikawiri chimene mwaonacho ndi kusankha odwala malinga ndi kukula kwa matenda. Namwino kapena wothandizira amayenda pamzere kuyang'ana amene sangadikire: mwana amene akukomoka, amene akubanika, amene walefuka moti sakuyamwa, amene akusanza chilichonse, mayi woyembekezera amene akutaya magazi, munthu amene wapsa ndi moto kapena walumidwa ndi njoka. Amenewa amalowa kaye ngakhale afike pomaliza. Tsiku lina adzakhala mwana wanu.

Mbali inayo ndi yofunikanso. Ngati inu kapena mwana wanu zafika poipa muli pamzere, musakhale chete poopa kuti anthu akunenani. Imirirani, pitani pakhomo, nenani kuti "Pepani asisita, mwanayu wayamba kukomoka." Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Namwino ali m'kati sangaone zimene zikuchitika pabenchi yakumapeto, ndipo ana ena amatsirizikira kumbuyo kwa amayi awo chifukwa cha ulemu wodikira.

Lolemba m'mawa ndi tsiku lotsatira holide anthu amachuluka kwambiri. Ngati vuto lanu si lachangu, sankhani tsiku lina.

Ndifotokoze bwanji matenda anga kuti andimve msanga?

Yambani ndi chimene chakubweretsani lero, kenako nenani kuti chinayamba liti. "Thupi lonse likuphwanya" ndi zoona, koma sizimuuza namwino poyambira. Yerekezani ndi izi: "Mutu ukundipweteka kuyambira Loweruka, thupi limatentha usiku, dzulo ndasanza kawiri, ndamwa Panado koma sizikusintha." Mawu ochepa amenewa ali ndi zonse zofunika. Lozani ndi chala pamene pakupweteka. Ngati ndi mwana wotsegula m'mimba, nenani kuti watsegula kangati, ngati muli magazi, ngati akumwa, ndiponso kuti wakodza liti komaliza.

Musachepetse masiku. Makolo ambiri amati "wayamba dzulo" pomwe mwana wadwala masiku asanu, poopa kufunsidwa kuti anali kuti nthawi yonseyi. Mwina akufunsanidi, mwina mokalipa. Koma kutentha thupi kwa tsiku limodzi ndi kwa masiku asanu amakuganizira mosiyana, ndipo chifuwa cha milungu iwiri chimafuna kuyeza makhololo kuti aone ngati ndi TB. Musakulitsenso matenda pofuna jakisoni. Jakisoni si wamphamvu kuposa mapiritsi pa matenda alionse.

Ndinamwa mankhwala achikuda ndisanabwere. Ndinene?

Nenani. Pa mafunso onse ali patsamba lino, ili ndi limene ndikufuna mulikumbukire kwambiri. Anamwino a mu Lilongwe ndi ana a m'midzi yathu yomweyi, amadziwa kuti anthu amayamba kwa asing'anga, kwa agogo odziwa zitsamba, kapena pagolosale. Mphini zatsopano pachifuwa cha mwana amaziona. Chimene sangathe kuona ndi chimene chili m'mimba, kuchuluka kwake, ndi nthawi imene chinamwedwa.

Kwa amayi oyembekezera nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Mankhwala ofulumizitsa kubereka, monga mwanamphepo, amachititsa chiberekero kukokana mwamphamvu njira isanatseguke. Mwana amabanika, ndipo chiberekero chimatha kung'ambika. Mzamba akadziwa kuti mwamwa, amakuyang'anirani pafupipafupi ndi kukonzekera opaleshoni ngati pangafunike. Akapanda kudziwa, amaona ngati zonse zikuyenda mwa nthawi zonse, mwinanso n'kuwonjezera mankhwala ena ofulumizitsa pamwamba pa amene mwamwa. Apongozi kapena anakubala amene aperekeza mayiyo, ngati ndinu munapereka mankhwalawo, mutengereni mzamba pambali mumuuze. Mawu angakhale owawa kwa mphindi ziwiri, koma adzachitapo kanthu.

Chimodzimodzi mankhwala ogula: Bactrim, Amoxyl, Indocid, Fansidar, Brufen. Nenani dzina ndi kuchuluka kwake. Ngati Bactrim kapena Fansidar anakutulutsanipo zilonda m'kamwa kapena matuza pakhungu, nenani nthawi iliyonse, ngakhale asanakufunseni, ndipo pemphani kuti alembe pachikuto cha buku lanu. Ngati mumamwa ma ARV, a TB, a shuga, a BP, a khunyu, kapena muli pa njira yolera, nenaninso, chifukwa mankhwala ena amalimbana m'thupi. Za mowa ndi fodya musachepetse. Munthu womwa kachasu tsiku ndi tsiku akagonekedwa n'kusiya mwadzidzidzi amatha kunjenjemera ndi kubwebweta pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo namwino wodziwiratu amakonzekera.

Mafunso ena ndi ochititsa manyazi, ndipo namwinoyo ndi msinkhu wa mwana wanga. Nditani?

N'zovutadi kwa bambo wa imvi kufotokozera mtsikana za kumaliseche, kapena kwa mayi wamkulu kuvula pamaso pa namwino wachimuna. Koma mafunso monga "Munasamba liti komaliza?" kapena "Muli ndi abwenzi angati ogonana nawo?" safunsidwa mwachipongwe. Mankhwala ena amavulaza mwana wosabadwa, ndipo matenda opatsirana pogonana amabwereranso ngati mnzanuyo sanalandire nawo mankhwala. Mungathe kupempha kuti akuyezeni wamkazi kapena wamwamuna mnzanu ngati alipo, kapena kuti pakhale munthu wina m'chipindamo. Mungapemphenso kuti atseke chitseko kapena akoke katani. Pachipatala chaching'ono usiku pamatha kukhala namwino mmodzi yekha, ndiye pamenepo kulimba mtima n'kofunika kuposa kubwerera kunyumba ndi matenda.

Zimene mwamuuza ndi chinsinsi, ndipo malamulo a ntchito yake amamuletsa kuuza anthu ena, ngakhale abale anu, popanda chilolezo chanu. Ngati amene wakuperekezaniyo simukufuna kuti amve, muuzeni adikire panja.

Bwanji amandiyeza BP ndi sikelo ulendo uliwonse, ngakhale ndabwera ndi bala lapamwendo?

Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikupweteka paliponse, munthu amangodzidzimuka wafa ziwalo. Kuyezako ndiye njira yokha yodziwira. Khalani pansi mphindi zisanu musanayezedwe, makamaka ngati mwatsika kumene pa kabaza kapena mwayenda mtunda, ndipo musalankhule makina akugwira ntchito. Akapeza 140/90 kapena kuposa, n'kukuuzani kuti mubwerenso adzayezenso, bweraninso. Sikelo ndi yofunika chifukwa mlingo wa mankhwala a ana, komanso a TB, umatengera kulemera kwa thupi.

Andifotokozera kamwedwe ka mankhwala mofulumira ndipo sindinamve. Ndifunsenso?

Funsani musanachoke pawindo. Safunsa anadya phula. Njira yabwino ndi kubwereza nokha zimene mwamva: "Ndiye mwati awiri m'mawa, awiri madzulo, masiku asanu, eti asisita?" Ngati mwalakwitsa akukonzani pomwepo, ndipo sizitenga nthawi. Ngati kuwerenga kumakuvutani, pemphani ajambule timizere papaketi, kapena afotokozere amene wakuperekezani.

Titenge LA, poti ndi amene timalandira kawirikawiri. Amamwedwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, kasanu n'kamodzi konse. Ulendo wachiwiri umabwera patapita maola 8 kuchokera pa woyamba, kenako m'mawa ndi madzulo. Amagwira bwino mukamwa mutadya, makamaka chakudya cha mafuta pang'ono, phala la nsinjiro kapena mkaka. Mwana akasanza pasanathe theka la ola chimwereni, mankhwalawo sanalowe, ayenera kumwanso, ndipo mubwerere kuchipatala kuti akuwonjezereni. Anthu ambiri amasiya tsiku lachiwiri thupi likazizira, n'kusungira otsalawo mwana wina. Malungo amabwerera, ndipo mwana winayo amalandira mankhwala osakwanira. Akakuyezani pachala n'kupeza kuti mulibe malungo, musaumirire LA. Funsani kuti nanga kutentha thupiku kukuchokera pati, ndipo mubwerenso liti ngati sikusintha.

A TB ndi a miyezi isanu ndi umodzi, nthawi zina kuposa, ngakhale mutayamba kunenepa mwezi wachiwiri. Ma ARV, a BP ndi a shuga ndi a tsiku lililonse. Ngati munadumphitsa masiku, kaya munapita kumaliro kumudzi n'kuiwala botolo, nenani momwe zinalili. Anamwino a m'makiliniki a ma ARV ngati Lighthouse kapena Martin Preuss amva zimenezi kambirimbiri, ndipo chimene amafuna ndi kudziwa kuti athandize pati. Kutaya mapiritsi otsala kuti chiwerengero chigwirizane n'kudzinamiza nokha.

Akuti mankhwala atha, ndikagule. Kodi sakubisa?

Mankhwala a m'zipatala za boma amachokera ku Central Medical Stores Trust, ndipo amatha ndithu nthawi zina. Namwino amene ali patsogolo panu si amene amaoda. Kumukalipira sikubweretsa mankhwala. Pemphani akulembereni bwinobwino dzina, mphamvu yake ndi masiku omwera, ndipo funsani ngati pali ena ofanana nawo amene alipo. Kaguleni kufamase yovomerezeka, osati pamsika pamene mapiritsi amakhala padzuwa tsiku lonse. Koma wina akakuuzani kuti mankhwala atha, kenako n'kukunong'onezani kuti ali nawo akeake ogulitsa, imeneyo ndi nkhani yokanena.

Ndine gadiyani. Ntchito yanga ndi iti, ndipo malire ake ali pati?

Popanda magadiyani zipatala zathu sizingayende. Si zachilendo kupeza anamwino awiri usiku m'wodi yodzaza mpaka pansi. Inu ndi amene mumasambitsa wodwala, kumudyetsa, kumutembenuza kuti asachite zilonda za pamsana, kumuperekeza kuchimbudzi, kuchapa. Inunso ndi maso a namwino. Mukaona kuti wodwala wasintha kapumidwe, wasiya kuyankha, sanakodze tsiku lonse, bandeji yanyowa magazi, kapena pamene pali kanula (kachubu ka mumtsempha kolowetsera dripi ndi mankhwala) patupa, kaneneni msanga. Ndi bwino gadiyani akhale mmodzi kapena awiri odziwika, amene akudziwa nkhani yonse kuyambira tsiku loyamba. Mukamasinthana, uzanani zonse, kuti adokotala akamayendera odwala m'mawa asapeze munthu woti "Ine ndangobwera kumene, sindikudziwa."

Malire ake ndi awa. Dripi musaigwire. Kagudumu kaja kali pachingwe namwino amakaika pamlingo wowerengera, madontho akutiakuti pamphindi. Gadiyani wina amaona kuti ikuchedwa, amatsegula kuti ithe msanga wodwala apeze mphamvu. Kwa mwana wamng'ono, kwa wodwala mtima kapena impso, madzi olowa mofulumira amadzaza m'mapapo ndipo munthu amabanika. Ikaima, kapena ikatsala pang'ono kutha, kaitaneni namwino.

Mpweya wa okosijeni musachotse. Pali mantha akale akuti munthu akaikidwa pa mpweya ndiye kuti wapita, ena mpaka amati mpweyawo ndi umene umapha. Chimene chimachitika n'chakuti mpweya amapatsa odwala amene ali kale pangozi, ndiye ena mwa iwo amamwalira ngakhale athandizidwe, anthu n'kuloza chala makinawo. Ana ambiri a chibayo amene lero akusewera m'makwalala a ku Chinsapo ndi ku Mgona anachira chifukwa cha timachubu ta m'mphuno timeneti. Chimodzimodzi chubu chodyetsera chodzera m'mphuno: chimafikitsa mkaka kapena phala m'mimba mwa munthu amene sangameze, kuti chakudya chisalowere m'mapapo. Kutenga madzi a pamsana ndi njira yodziwira matenda oumitsa khosi, ndipo madzi ake ndi ochepa, thupi limabwezeretsa lokha. Ngati mukuopa, nenani kuti mukuopa, akufotokozereni. Chimene sichiyenera ndi kuvomera masana, n'kuzula usiku namwino atatuluka.

Musamwetse wodwala mankhwala ochokera kunyumba mobisa, kaya a m'botolo la Sobo kaya a m'thumba. Mapemphero ndi olandiridwa, bola asasokoneze odwala ena ndipo asalowe m'malo mwa mankhwala.

Akuti wodwala asadye chilichonse poyembekezera opaleshoni, koma akulira njala. Kaphala pang'ono kangalakwe?

Kangalakwe kwambiri. Munthu akagonetsedwa ndi mankhwala, zam'mimba zimatha kubwerera kukhosi n'kulowa m'mapapo, ndipo zimenezi zimapha. N'chifukwa chake amaletsa kudya kwa maola angapo, kawirikawiri kuyambira pakati pa usiku. Ngati mwamupatsa kale, ngakhale tiyi, nenani asanapite naye. Opaleshoni ikhoza kuchedwa, koma adzatuluka wamoyo. Ikalephereka tsikulo, funsani namwino ngati wodwala angadye tsopano, musangoganiza nokha.

Ndaitana namwino usiku koma sakubwera.

Pitaninso, ndipo nenani chenicheni chimene mwaona. "Tabwerani mudzamuone" ndi mawu amene aliyense m'wodimo akunena. "Bambo anga pabedi lachitatu akupuma mobanika ndipo sakundiyankha" ndi mawu amene amaimiritsa munthu. Mwina namwinoyo ali ndi wodwala wina amene zafika povuta, mwinanso watopa n'kugona, pakuti zoterezi zimachitika. Mulimonsemo, ngati zili zoopsa musachoke pakhomopo, ndipo ngati pali namwino wina kapena dokotala wausiku, muuzeni. Zinthu zosafulumira, monga kufunsa za tsiku lotuluka, zisungireni m'mawa. Pewaninso kufunsa zotere pa nthawi imene anamwino akupatsirana ntchito kapena akugawa mankhwala, chifukwa kusokonezedwa pa nthawi imeneyo n'kumene kumabweretsa zolakwika.

Kodi ndiyenera kulola ophunzira kundigwira?

Lilongwe ndi mzinda wophunzitsa anamwino ndi azaumoyo ena. Kuli sukulu imene tinkaidziwa kuti Kamuzu College of Nursing, yomwe kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, kuli Malawi College of Health Sciences, komanso makoleji a ku Nkhoma ndi Daeyang. Ophunzira mudzakumana nawo, ndipo nthawi zambiri ndi iwo amene amakhala ndi mpata womvetsera nkhani yanu modekha. Ayenera kudzitchula kuti ndi ophunzira ndi kugwira ntchito moyang'aniridwa. Ngati walephera kupeza mtsempha kawiri, palibe cholakwika kunena mwaulemu kuti "Achemwali, mwina tiitane asisita atithandize." Muli ndi ufulu wokana, komabe ganizirani kuti namwino waluso amene mumamufunayo anaphunzirira pa mkono wa munthu wina amene analola.

Ndingakane chithandizo? Nanga ndikafuna kutuluka ndisanachire?

Munthu wamkulu wa maganizo abwinobwino ali ndi ufulu wokana atafotokozeredwa zotsatira zake. Musasaine kapena kudinda chala papepala la opaleshoni musanamve kuti akukachitani chiyani. Koma kukana kukhale kwa poyera. Kuthawa m'wodi usiku, kanula ali pamkono, kumasiya wodwala wopanda mankhwala opitiriza ndiponso wopanda kalata. Zifukwa zothawira timazidziwa: ufa wa gadiyani watha, ana atsala okha kunyumba, ganyu yaima, kapena abale agamula kuti matendawa ndi a kwa asing'anga. Muuzeni sisita wamkulu wa wodiyo vuto lenilenilo. Nthawi zina amatha kusintha jakisoni kukhala mapiritsi, kapena kukutumizani kuchipatala cha kufupi ndi kwanu. Pa mwana nkhani ndi yosiyana: achipatala ali ndi udindo woteteza moyo wake ngakhale makolo asakufuna.

Nanga kusikelo ya amayi?

Yambani sikelo mukangozindikira kuti ndinu oyembekezera, m'miyezi itatu yoyambirira, osadikira kuti mimba ioneke. Masiku ano amalangiza kuonana ndi azamba kasanu n'katatu mimba isanathe. Mankhwala oteteza malungo amene amakupatsani kuti mumwere pomwepo, imwani pomwepo. Owonjezera magazi amadetsa chimbudzi ndipo ena amawachititsa nseru, koma musawataye, funsani kamwedwe kena. Uzani mzamba za mimba zonse zam'mbuyo, kuphatikizapo zimene zinapita padera ndi za opaleshoni. Funsani mndandanda wa zofunika kutenga pokachira, muzisonkhanitse mwezi wachisanu ndi chiwiri usanathe. Mukaona magazi, mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja, chidima m'maso, nsupa yasweka, kapena mwana wasiya kugunda, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale bambo kunyumba kulibe. M'chipinda chochirira, mzamba akati "Musakankhe kaye", ndiye kuti njira sinatseguke mokwanira, ndipo kukankha msanga kumatupitsa kapena kung'amba khomo la chiberekero. Abambo, kuperekeza akazi anu kusikelo si manyazi, ndipo malangizo akamvedwa ndi anthu awiri saiwalika.

Namwino wandilankhula mwachipongwe. Ndingopirira?

Kutopa kwa namwino ndi kwenikweni, koma sikupereka chilolezo chotukwana wodwala, kumumenya pochira, kumusiya osamuthandiza, kapena kuulula matenda ake pagulu. Pa nthawiyo, chofunika kwambiri ndi kulandira thandizo limene mwadzera. Kubwezera mawu kumangotalikitsa nkhani. Nthawi zambiri kuyankha modekha kuti "Pepani asisita, ndafunsa chifukwa sindinamve" kumatsitsa mtima wa munthu. Mukathandizidwa, sungani tsiku, nthawi, chipinda, ndi dzina ngati mwaliona pabaji.

Kenako kadandauleni. Yambani ndi sisita wamkulu wa wodi kapena mkulu wa chipatalacho. Kuyambira 2018 zipatala za boma zili ndi Ombudsman wa pachipatala, amene ntchito yake ndi kulandira madandaulo a odwala, ndipo nambala yake kawirikawiri imamatidwa pakhoma. Zipatala zing'onozing'ono zilinso ndi komiti ya anthu a m'dera. Nkhani zikuluzikulu zimapita ku Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe limene limapereka ziphaso kwa anamwino ndi azamba ndipo lili ndi mphamvu yowalanga. Ena amaopa kuti akadandaula adzawazindikira ulendo wina. Manthawo ndi omveka, koma kudandaulira mu minibasi sikusintha kanthu, ndipo mayi wobwera mawa adzakumana ndi zomwezo.

Chimene sichiloledwa mpang'ono pomwe ndi kuopseza kapena kumenya wachipatala, ngakhale pa nthawi ya chisoni. Umenewo ndi mlandu wa kupolisi, ndipo chipatala chikatsekedwa chifukwa ogwira ntchito athawa, ovutika ndi anthu a m'dera lomwelo.

Kodi ndipereke kangachepe kuti andithandize msanga?

Ayi. Chithandizo m'zipatala za boma ndi chaulere, kupatula mbali zolipira zimene zimadziwika, ndipo kumeneko mumalipira kwa wolandira ndalama n'kupatsidwa lisiti. Ndalama ya m'manja imalanda malo a munthu wosauka amene ali patsogolo panu. Wina akakupemphani ya fanta kuti akuoneni, kapena kuti wodwala wanu alandire magazi, kaneneni kwa Ombudsman. Ngati mwathandizidwa bwino ndipo mtima ukufuna kuthokoza, bwererani mukanene kuti "Asisita, mwana uja anachira, zikomo." Anamwino amamva madandaulo tsiku lililonse, koma za odwala amene anachira samva kawirikawiri.

Ndingajambule pafoni zimene zikuchitika m'wodi?

Musajambule odwala ena kapena ogwira ntchito popanda chilolezo chawo. Munthu amene wagona pabedi loyandikana nalo sanavomere kuti matenda ake aonekere pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Foni ikhale yotsitsa mawu, ndipo namwino akamalankhula nanu, idikire.

Ndatuluka, koma kunyumba ndakumbukira funso. Ndibwerere?

Musanatuluke funsani zinthu zitatu: mankhwala ndimwa mpaka liti, ndibwerenso tsiku liti ndipo kuti, ndi zizindikiro ziti zimene ndikaziona ndithamangire kuno tsikulo lisanakwane. Ngati muli ndi bala losokedwa, funsaninso tsiku lochotsa ulusi ndi kasamalidwe kake, ndipo musapakepo phulusa, mankhwala otsukira mano kapena zitsamba. Funso likabwera muli kale kunyumba, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakuthandizeni, kapena imbirani a Chipatala cha pa Foni, amene amayankha m'Chichewa. Iwo amalangiza ndi kukuuzani ngati muyenera kupita kuchipatala, koma sayeza munthu pafoni. Ngati bala layamba kutuluka mafinya, thupi latenthanso, kapena mwana wasiya kuyamwa, musadikire tsiku lolembedwa m'buku lija, nyamukani ndi buku lanu ndi mankhwala otsalawo.